Shire wa pa Mangochi: kamtsinje ka pakati pa nyanja ziwiri

Mayi a Tadala:
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Funso langa likupita kwa inu a ku Mangochi. Sabata yatha ndinadutsa kwanuko popita ku maliro ku Namwera. Minibasi itaima kudikira anthu, ndinatsika ndi mwana wanga wamkulu n'kukaima pa mlatho paja. Tinayang'ana madzi aja kwa nthawi ndithu, koma osadziwa kuti akulowera kuti. Timafunde tinkathamangira kumpoto pamene udzu woyandama unkatsetsereka pang'onopang'ono kulowera kum'mwera. Mwanayo ali mu Sitandade 7, ndiye anandifunsa kuti amayi, kodi iyi ndi nyanja kapena mtsinje? Ndinasowa chomuyankha chogwira mtima. Tchuthi chikubwerachi ndikufuna ndibwere ndi ana onse atatu adzaone bwinobwino. Kodi boti lingatinyamule kuchokera pa mlathopo mpaka ku Malombe? Nanga ana angathe kusambira pamenepo?

Aphunzitsi Opuma:
Taswera mayi. Mwana wanuyo wafunsa funso labwino, musamugwetse mphwayi. Umenewo ndi mtsinje, ndi Shire yemweyo amene mumamuoloka pa Liwonde ndi pa Zalewa, kungoti pa Mangochi amakhala atangobadwa kumene. Mitsinje yambirimbiri imathira mu Nyanja ya Malawi: Songwe, Rukuru, Dwangwa, Bua, Linthipe, ndi Ruhuhu wochokera ku Tanzania. Koma khomo lotulukira ndi limodzi lokha, cha ku Samama, kumpoto pang'ono kwa tauni ya Mangochi. Kuchoka pamenepo mtsinje umayenda makilomita osakwana 20 n'kulowa mu Nyanja ya Malombe. Ndiye kachigawo kameneka kali ngati khosi lolumikiza nyanja ziwiri. Shire yense mpaka kukathira mu Zambezi ku Mozambique ndi makilomita pafupifupi 400.

Za timafunde tija, munanyengedwa ndi mwera. Mphepo imeneyi imaomba kuchokera kum'mwera nyengo yozizira ino, ndiye imakankha madzi a pamwamba kubwerera kumene achokera. Udzu uja ndi umene unakuuzani zoona. Dera limeneli ndi lathyathyathya kwambiri, n'chifukwa chake madzi sathamanga. Kutsika kwenikweni kumayamba mukadutsa Matope, kumene Shire amagwa mamita oposa 300 m'mathithi, ndipo n'kumene kuli Nkula, Tedzani ndi Kapichira.

Che Mdala wa pa Doko:
Aphunzitsi anena zoona zokhazokha. Ine ndabadwira pa mtsinje umenewu, ndapalasa bwato kuyambira ndili wosavala nsapato. Mayi, boti limafika ku Malombe popanda vuto, koma nyamukani m'mawa kwambiri, dzuwa lisanatenthe. Ikamakwana 10 koloko mwera umakhala utadzuka. Mu mtsinje simudzaumva kwenikweni chifukwa bango limatchinga, koma mukangotulukira pa Malombe mudzaona. Nyanja imeneyo ndi yosaya, malo ambiri munthu akhoza kugunda pansi ndi nsungwi yaitali, ndiye mphepo ikaomba mafunde ake amakhala afupiafupi, othinana, omenya boti m'nthiti. Anthu amaiderera chifukwa ndi yaing'ono poyerekeza ndi Nyanja ya Malawi. Asodzi enieni saiderera.

Za kusambira ndikukanizani poyera. Mu mtsinje ayi. Ng'ona zilimo, mvuu zilimo. Ana akafuna madzi pitani nawo ku nyanja yaikulu, njira ya ku Monkey Bay, pa mchenga poyera pamene anthu akusambirapo kale.

Mayi a Tadala:
Zikomo kwambiri agogo. Koma tsiku lija ndinaona anyamata akudumphira m'madzi chapafupi ndi mlatho, ena akuchapa njinga. Ndinkaganiza kuti pakati pa tauni ng'ona sizingafike.

Abiti wa Tsidya:
Achemwali, mverani zimene anena Che Mdala. Anyamata amenewo amadumphira chifukwa anazolowera, osati chifukwa palibe choopsa. Kwathu ndi tsidya lija la kum'mawa, kumunsi kwa mlatho. Tili atsikana, pa doko pathu panali mpanda wa mitengo wozikidwa m'madzi momwe, wokhota ngati khola, ndipo tonse timatunga ndi kuchapa m'kati mwake. Amayi athu ankatiletsa kugwada moyang'anitsa nkhope m'madzi, ankati tunga utaimirira, chidebe patsogolo, ukatha choka. Chaka china madzi atakwera mpanda uja unamira, anthu anachedwa kuzika wina. Mtsikana wa khomo loyandikana nafe anapita kukatsuka mbale chakumadzulo. Tinangopeza mbale zili pa mtunda, sopo ali pa mwala. Mpaka lero ndikamva kulira kwa mbale za malata zikugundana m'beseni ndimamukumbukira. Ng'ona siichita phokoso, ndipo madzi odekha ngati amenewo ndi amene imawakonda.

Koma ndisakuopsezeni mpaka kulephera kubwera. Mtsinje wathu ndi wokongola, makamaka m'bandakucha pamene nkhungu ili pa madzi ndipo mabwato akubwerera. Mukakhala m'boti la injini ndi munthu wodziwa njira palibe chovuta. Uzani ana asalendewetse manja m'madzi, basi.

Namwino wa ku Balaka:
Pepani ndilowererepo pa mbali ya ntchito yanga. Kupatula ng'ona palinso likodzo. Tizilombo take timakhala mu nkhono za m'madzi odekha, a udzu, ofundira, ndipo timalowa pa khungu munthu osamva kanthu. M'mbali mwa mtsinjewu ndi ku Malombe ndi malo otero ndendende. Ngakhale ku nyanja yaikulu madoko ena alinso nalo. Mwana akasambira, musachite mantha, koma patapita miyezi iwiri kapena itatu pitani naye ku chipatala akamuyeze. Mankhwala ake ndi praziquantel, amamwa molingana ndi msinkhu kapena sikelo ya mwanayo. Musadikire kuti ayambe kukodza magazi. Ndipo masikito musaiwale, udzudzu wa ku Mangochi susewera.

Mnyamata wa Mbedza:
Ine zosambira sindichita nawo, koma kuwedza ndiye moyo wanga Loweruka lililonse. Ndimagwira ntchito m'tauni momwemo, ndikaweruka ndimatenga ndodo yanga ya nsungwi ndi kachitini ka nyongolotsi n'kukakhala pa bwato la mnzanga lomangirira ku bango. Makumba amadya bwino m'mawa, milamba imafuna chakumadzulo, dzuwa likamalowa. Sikuti ndimapha zambiri. Tsiku labwino ndi nsomba zisanu kapena zisanu ndi imodzi, zokwana ndiwo. Koma kukhala chete paja, ukumva nkhwazi ikulira pamwamba pa mgwalangwa, mutu utagadamira kumbuyo, ndi kumene ndimapitira. Palinso kambalame ka mawanga oyera ndi akuda kamene kamaima m'malere malo amodzi kakukupiza mapiko, kenako n'kudziponya m'madzi ngati mwala. Ana anu akadzakaona sadzaiwala. Mubwere ndi ulusi ndi timbedza tating'ono, ndikhoza kuwaphunzitsa kumanga nyambo tili m'boti.

Che Mdala wa pa Doko:
Nsomba zisanu ukuti tsiku labwino, mwana wanga? Zimandiwawa kumva zimenezo. Ife tinakula chambo chikudutsa mu mtsinje uno ngati anthu pa msewu, kuchoka ku nyanja yaikulu kupita ku Malombe ndi kubwerera. Khoka limodzi linkafuna amuna ambiri kuti alikoke. Chambo cha ku Malombe ndi chimene chinkadzaza misika ya Zomba, Limbe ndi Blantyre. Kenako makoka anachuluka, maso a maukonde anachepa, ukonde wa nkacha unabwera n'kumakokolola pansi pa nyanja, udzu wa pansi umene ana a nsomba ankabisalamo n'kutha. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chambo chinali chitasowa, tatsala ndi kambuzi. Sindikuloza chala wina aliyense, inenso ndinakoka nawo. Tinkaona ngati nyanja singathe.

Aphunzitsi Opuma:
Ndipo n'chifukwa chake makomiti a m'madoko, aja timati ma BVC, anayambira kuno ku Malombe ndi mtsinje uno mu 1993, boma litaona kuti palokha silingathe kulondera madoko onse. Maganizo ake anali oti asodzi eni ake azigwirizana za kukula kwa maso a ukonde ndi nyengo yotseka nyanja. Pena zinayenda, pena ayi. Munthu amene ana ake agona ndi njala n'kovuta kumuuza kuti adikire miyezi itatu. Koma chimene chimandipweteka ine ndi kuona masikito amene anaperekedwa kuti ateteze ana ku malungo akukokedwa m'mbali mwa bango. Amene amagwidwa mmenemo ndi tiana ta nsomba tosakwana ndi chala chomwe.

Wa ku Joni:
Moni kumudzi konse. Ndikuwerenga zonsezi ndili ku Johannesburg, mtima uli pa doko. Ine nkhani yanga ndi ina. Mayi akufunsa koti akasangalale ndi ana, koma funso ndi lakuti malo otero atsala angati a munthu wamba? Kumtunda kuja, kufupi ndi pamene mtsinje umatulukira mu nyanja, panali mchenga umene tinkasewerapo mpira tili ana, tikatopa n'kugwera m'madzi. Nditabwera ku tchuthi chaka china ndinatenga ana anga kuti ndikawaonetse. Ndinapeza mpanda wa njerwa wafika mpaka m'madzi, mlonda pa geti akuti muli alendo, kulowa n'kulipira. Ndinaima panja ndi ana anga amene anabadwira kunja, ndikuwalozera pamwamba pa mpanda kuti bambo anu anaphunzirira kusambira uko. Malo ogona alendo ndi abwino, abale athu ambiri amapezako ntchito. Koma bwanji osasiya kanjira koti amayi akatunge madzi ndi ana akafike pa mchenga?

Abiti wa Tsidya:
Achimwene mwalasa pamene pamandiwawa. Madoko akamatsekedwa amayi amakakamizika kukatunga m'mabango, ndipo ndi momwe muli ng'ona. Anthu saziona kuti zinthu ziwirizi n'zolumikizana.

Mnyamata wa Mbedza:
Mipanda ina mwa imeneyo inagwa mu 2024 nyanja itakwera. Madzi analowa m'zipinda, mabedi akuyandama, mitengo ya m'mphepete inauma itaima m'madzi miyezi yambiri. Midzi ya m'mbali mwa mtsinje nayonso inavutika, minda ya mpunga ndi nyumba zinamira. Akuluakulu ankangoti madzi saiwala khwawa, malo amenewo anali a nyanja kuyambira kale. Koma ambiri kuno ankadandaula kuti vuto ndi zitseko za pa Liwonde, akanazitsegula zonse madzi akanaphwera msanga.

Mbadwa ya ku Chikwawa:
Pamenepo ndiye ndiyankhepo, achimwene, chifukwa madzi amene mukuti atsegulidwewo amathera pakhomo pathu. Ife tinali tisanapume ku Freddy wa mu Malichi 2023. Mukatsegula zonse pa Liwonde, Chikwawa ndi Nsanje timasamuka usiku ndi ana kumsana. Sindikunyoza mavuto anu, ndinaona zithunzi za ku Mangochi ndipo zinandimvetsa chisoni. Koma mtsinjewu ndi umodzi. Chimene chikupepukira inu kumtunda chimalemera ife kumunsi.

Aphunzitsi Opuma:
Nonse awiri muli ndi mfundo, koma tiikepo chinthu chimodzi chimene ambiri sachidziwa. Kamuzu Barrage, pamene pali zitseko za pa Liwonde mukunenazo, inamangidwa mu 1965, n'kukonzedwanso zaka zapitazi, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kusunga madzi kuti magetsi asazime chilimwe. Koma mphamvu yake pa nyanja ili ndi malire. Madzi ambiri amene nyanja imataya chaka chilichonse satuluka ndi Shire ayi, amauluka ndi dzuwa ndi mphepo. Shire amatenga gawo lochepa chabe. Ndiye mvula ikagwa yambiri kumpoto ndi ku Tanzania zaka zotsatizana, ngakhale mutatsegula zitseko zonse nyanja singaphwe pa sabata. Khosi lija ndi lopapatiza komanso lathyathyathya.

Ndipo zinachitikapo mosemphana. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja inatsika kwambiri moti Shire analeka kutuluka. Mchenga ndi bango zinatseka khomo, Malombe anauma malo ambiri, anthu n'kumalima mmene lero mukuyenda mabwato. Taganizani zitachitika lero, dziko lonse likudalira Nkula ndi Tedzani. Nyanja imakhala pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo kusiyana kwa mamita awiri kapena atatu okha ndi kumene kumalekanitsa kusefukira ndi mdima.

Che Mdala wa pa Doko:
Zimenezo agogo anga aakazi ankatiuza. Ankati iwo ali mtsikana ankaoloka ndi miyendo kupita tsidya, mtolo wa nkhuni uli pamutu, ndipo chimanga cha ku Malombe chinkabereka kuposa cha kumtunda chifukwa cha matope. Ife tinkaseka poganiza kuti ndi nthano za pamoto. Nditakula n'kumva ophunzira akunena zomwezo ndinawapepesa mumtima.

Mayi a Tadala:
Ine ndiye ndaphunzira zoposa zimene ndinafunsa. Safunsa anadya phula ndithu. Nanga pa tauni pomwepo pali choti ana aone tikatsika m'boti? Ndinaona nsanja ya wotchi pafupi ndi mlatho koma minibasi inali ikuimba kale hutala.

Aphunzitsi Opuma:
Pamenepo musathamangepo mayi, mbiri ya tauniyi yaunjikana pa malo amodzi. Nsanjayo inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Nthawi imeneyo tauniyi inkatchedwa Fort Johnston, dzina la Harry Johnston, ndipo inakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1890 chifukwa cha mtsinje womwewu. Amene wagwira khosi limeneli wagwira njira ya pakati pa nyanja ndi kum'mwera, komanso pooloka pa amalonda a minyanga ndi akapolo amene ankapita ku gombe la kum'mawa. Mfumu Mponda inali ndi mphamvu pa chifukwa chomwecho. David Livingstone naye anadzera momwemu pamene anafika pa nyanja mu 1859.

Pambali pa nsanjayo pali mfuti yaikulu ya pa sitima yotchedwa Guendolen. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, sitimayi inapita ku doko la Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kukaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pa mtunda. Palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946 kumpoto kwa nyanja. Pamenepo muimepo pang'ono ndi anawo, muwawerengere. Kenako muwalowetse mu nyumba yosungiramo zakale ya Lake Malawi Museum, ili pafupi pomwepo, ndi yaing'ono koma ya nkhani za nyanjayi.

Wa ku Joni:
Ndipo muwauze kuti mlatho umene aimapowo si wakale. Uwu wa Bakili Muluzi unamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Wakale unali wopapatiza, galimoto imodzi pa nthawi, ena adikire. Madzulo anthu amakonda kuima pa watsopanowu kuonera dzuwa likulowa, akabaza akudutsa kumbuyo kwawo, adhana ikumveka ku mzikiti. Palibe amene amakulipiritsa pamenepo. Ndikafika kumudzi ndi malo oyamba amene ndimapita ndisanalowe ndi m'nyumba momwe.

Mlongo wa ku Liwonde:
Ngati ana akufuna nyama, musalekere pa Malombe. Mtsinje ukatuluka kum'mwera kwa nyanjayo umalowa mu Liwonde National Park, ndipo maboti oonera nyama amanyamukira kuno ku Liwonde. Njovu zimatsikira ku madzi masana, mvuu ndiye zosawerengeka, ng'ona zitayanika kukamwa pa mchenga. Kuyambira 2015 pakiyi ikuyendetsedwa ndi African Parks mogwirizana ndi boma, ndipo anabweretsanso mikango ndi nyama zina zimene zinatha. Amalawi timalipira mtengo wotsika pa geti kusiyana ndi alendo akunja, tengani ziphaso zanu. Koma musayese kulowa m'paki ndi boti la asodzi kuchokera ku Malombe, n'koletsedwa. Mukadzadutsa pa baraji muwaonetsenso namasupuni amene amaunjikana pamenepo. Amaoneka okongola ndi maluwa ake, koma akapitirira amakatseka makina a magetsi ku Nkula, n'chifukwa chake amawatchinga ndi kuwavuula.

Che Mdala wa pa Doko:
Ku paki n'kwabwino, koma ndikupempheni mayi, yambani ndi kuno. Ku paki mwana amaona nyama. Kuno adzaona mmene anthu amakhalira ndi mtsinje: wina akuwamba nsomba, wina akuphula bango la mphasa, wina akumata bwato ndi phula, ana a sukulu akuoloka mayunifolomu ali m'manja. Posankha boti onani zinthu zitatu. Likhale la matabwa kapena la fayiba, osati bwato logoba, chifukwa ana a m'tauni sadziwa kukhala bata. Mwini wake akhale ndi majekete oyandamitsa okwana aliyense, ndipo muwavale musanakwere, osati kuwakhalira. Komanso mufunseni kuti mvuu zikugona pati masiku ano. Akayankha kuti kulibe mvuu, mutsike, mufune wina. Wodziwa mtsinje amakuuzani malo ake enieni ndipo amazilambalala patali, makamaka ya mwana. Mtengo mugwirizane muli pa mtunda, mafuta a kubwerera awerengedwe.

Mayi a Tadala:
Ndabweranso abale, patha milungu itatu. Tinapita Lachiwiri lapitali. Tinanyamuka pa doko 6 koloko isanakwane, kukuzizira, ana atavala majuzi pansi pa majekete aja. Mwini boti nditamufunsa za mvuu anaseka n'kunena kuti mwatumidwa ndi munthu wa kuno, kenako anatchula malo awiri, ndipo pa malo achiwiriwo tinazipezadi, zisanu, makutu okha ali pamwamba akugwedera. Anazimitsa injini tili patali, tinangomva kupuma kwake, fuu, ngati munthu akuuzira moto. Wamng'ono wanga anandigwira chitenje osachisiya mpaka tinadutsa.

Chimene sindinayembekezere ndi polowera mu Malombe. Bango linkangotalikirana pang'onopang'ono, madzi n'kusintha mtundu kuchoka kobiriwira kuja kukhala otuwa, kenako tinangozindikira kuti mtunda wa kutsogolo kulibe. Tadala anatenga kachitsononkho ka chimanga kamene tinadyera m'njira, anakaponya m'madzi tisanatuluke mu mtsinje, n'kumakatsatira ndi maso kuti aone kolowera. Kanapita kum'mwera. Walemba zonse m'kope lake, ndi zaka zija za 1915 ndi 1935, akuti akafunse aphunzitsi ake ngati akuzidziwa. Pobwerera mwera unali utayamba, madzi ankatithira kumaso, koma tinali kale m'kati mwa bango.

Agogo, funso limodzi lotsala. Pafupi ndi polowera m'nyanjamo tinaona timitengo tambiri tozikidwa m'madzi, tina tomangidwa nsanza kumutu. Mwini boti anali kalikiliki ndi injini, sindinamufunse.

Che Mdala wa pa Doko:
Mwachita bwino kubwera mayi, ndipo mwanayo mumusunge, ali ndi maso. Timitengo timeneto ndi zizindikiro za asodzi. Tina timasonyeza pamene munthu watchera ukonde kapena mono, nsanzayo ndi yoti mwini wake azindikire pake m'bandakucha. Tina timalozera njira ya madzi akuya, chifukwa pakamwa pa Malombe matope amasuntha chaka ndi chaka ndipo injini ikhoza kutitimira. Mukadzabweranso mwezi wa Okutobala madzi atatsika mudzapeza tazulidwa, tazikidwa pena.